Odi wa pa Seva

Sikana yakale yojambulira mapepala ya pasukulu pathu ku Zingwangwa inakana kutumiza mayeso ku seva yatsopano, kompyuta yaikulu yosunga mafayilo, chonsecho ana ankalemba mawa lake. Kutada ndinabwerera ku ofesi kukatsegula SMB1, njira yakale yotumizirana mafayilo.

Sikana inavomera. Koma pamndandanda wa makompyuta panatulukanso dzina lina: BERNADETA.

Ndinaitana alonda, a Yusuph. "Kompyuta ya malemu a Bernadeta, alembi athu aja, ili kuti?"

"Inapita ndi matope ku Chilobwe, mayi, limodzi ndi eni ake."

Ndinadina dzinalo. Munali fayilo imodzi, ya lero, dzina lake "Odi".

"Musayankhe," anatero a Yusuph. "Tsekani."

Sindikanatseka, masamba makumi anayi anali asanadutse. Tinakhala pansi kudikira. Kenako panabwera fayilo yachiwiri: "Ndalowa".