Utsi wa Malemu Ezra

Malata analiranso padenga, tho! tho! dzuwa lili paliwombo. Eneless anasiya kusenda nshawa.

"Wamvela? Ni atate ako," anauza mwana wake Dailes. "Kuchokela pamene tinawaika, masana alionse amagogoda."

Dailes, mphunzitsi wa ku Chongwe boma, anapukuta thukuta. "Amai, ni kutentha chabe. Malata yakapsa yamalila."

"Kale sikunali kupsa so."

"Dzuwa likatenthetsa nthaka, nthaka imabweza kutentha kumwamba. Manje utsi wa vonse vamene anthu amashoka siutha. Umakhala kumwamba zaka na zaka, umagwila kutentha kuja nakukubweza pansi."

Eneless anasuzumira panja. Kuyambira kuseri kwa khola mpaka kuphiri kunali zitsa zokhazokha. Zaka makumi atatu mwamuna wake Ezra ankawotcha makala kumeneko, ndipo mitengo yomaliza ndiyo inagula malata amenewa.

"Wati utsi siutha?"

"Siutha, Amai."

"Olo mwine wake atamwalila?"

Denga linagogodanso.

"Nanga ine nakamba chani?" anatero Eneless motsitsa mawu. Anadzuka, nakokera mpando wa malemuyo pamthunzi.