Tsiku Limene Alandilodi Anasauka

Alandilodi anavala malaya ong'ambika paphewa, n'kukhala pakampando kothyoka mwendo m'chipinda chachitatu cha mdadada wawo. Nkhope anaikwinya bwinobwino ngati munthu wogona ndi njala. Mimba yokha ndiyo inakana kusauka, mabatani amvekere kulira.

Chipindacho chinali cha mayi wamasiye wosoka zovala, yemwe aliyense ankangomutchula kuti atelala. Anakhalamo zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ana awo awiri anabadwira momwemo. Koma m'mawa umenewo makina osokera, mphasa, ndowa ndi ana omwe zinali panja, m'mbali mwa ngalande. Alandilodi anati ndi za tsiku limodzi lokha. Bodza losapsa n'komwe. Munthu wotulutsidwa ndi bambo amenewa sankabwereramo.

Nkhani yake inali iyi. A ku ofesi ya mapulani a mzinda ankayenda khomo ndi khomo kuchita kalembera. Alandilodi anamva kometetsa kuti dera lonselo ligwetsedwa, ndipo aliyense wopezeka ali pa lendi tsiku la kalemberalo apatsidwa nyumba yotsika mtengo kutsidya kwa msewu waukulu, ya njerwa zowotcha, madzi m'nyumba momwemo. Eni midadada, akuti, sapatsidwa kanthu, poti malowo anangolowapo opanda pepala lililonse. Kumisonkhano ya m'deralo alandilodiwo sankapondako. Ankati sangakhale padzuwa ndi anthu onunkha utsi, kumamvera chizungu cha tiana ta dzulodzuloti.

Tangoganizani, munthu wa nyumba ya mpanda kumtunda, galimoto ziwiri pakhomo, kudzalimbirana pogona ndi mayi wamasiye. Dyera lilibe manyazi.

Ndipo mdadadawo mukanauona, mukanalavula. Zipinda zisanu ndi zitatu, malata adzimbiri otsindira ndi miyala, chimbudzi chimodzi chotseka ndi chiguduli. Mvula ikagwa anthu ankagona chokhala. Wodandaula ankangolozeredwa msewu.

Mmamawa alandilodi anasonkhanitsa a lendi onse n'kuwachenjeza kuti wotsegula pakamwa asamuka lero lomwe. Onse anangoti zyoli.

Cha m'ma teni kunafika mayi wa kalembera, faelo m'khwapa, pamodzi ndi bambo wina amene anayamba kuyeza malowo ndi tepi kuchokera kungalande mpaka kuchimbudzi. Alandilodi anasuzumira pazenera, mtima n'kuti myaa. Akuyeza podzadutsa chigalimoto chogwetsa, anatero mumtima.

"Bambo, ndinu eni malo ano kapena muli pa lendi?" anafunsa mayi wa kalembera ataima pakhomo.

"Ine, mwana wanga? Malo ndingawatenge kuti? Ndili pa lendi, chaka chakhumi ndi chiwiri chino."

Ndiye anayamba kudandaulatu. Analoza podontha, analoza ming'alu ya m'khoma, anafotokoza za makoswe ndi za fungo la kuchimbudzi, mawu akunjenjemera ngati a pamaliro. Atelala panjapo ankangomva madandaulo awo omwe, liwu ndi liwu, akutuluka m'kamwa mwa munthu amene zaka zonsezi ankawayankha kuti asamuke ngati atopa. Zinawawawa.

"Nanga mwini wake ndi ndani?"

Kometetsa kuja funso limeneli sanalitchule. Kupeka dzina kunali kovuta, poti mayiyo anati mwiniyo afunika aonekere. Maso awo anagwera pa atelala, ndipo nzeru zawo zakuba zija zinabwera. Atelalawa akalembedwa ngati mwini, nyumba yatsopano sadzainunkha, komanso sadzapeza podandaulira.

"Ndi mayi ali apowo. Ankhanza zedi, musaone kufatsako."

Mayi wa kalembera anafotokoza kuti malo akakhala opanda pepala, lamulo limafuna mboni zitatu zokhala pomwepo. Zinabwera zisanu ndi ziwiri. Wowotcherera zitsulo wa m'chipinda choyamba anachita kusiya ntchito, mayi wogulitsa makala anabwera manja ali bii, ndipo onse anavomera kuti eya, malowo ndi a atelala, bambowa ndi a lendi basi. Anasaina mothamanga, molimbirana cholembera. Alandilodi anadzimva kukoma. Umu ndi mmene anthu ako amayenera kukuopera.

Atelala ataitanidwa anapukuta manja pansalu yawo, osayang'ana munthu kumaso. Anasaina, dzina n'kutuluka lokhotakhota. Alandilodi anatsala pang'ono kuseka. Pofika nthawi yawo anati sukulu sanapiteko, n'kudinda chala chonse chamafutacho, kuchikanikiza mpaka inki kufalikira. Mayi wa kalembera anawerenga mokweza zimene zinalembedwa, n'kufunsa ngati pali wotsutsa. Panalibe. Anamenya chidindo, faelo n'kutseka.

Alandilodi anamuperekeza mpaka pangalande, akutsimphina mwendo umene sunawapwetekepo chibadwire.

"Ndiye makiyi a nyumba zatsopanozo, mwana wanga, tidzakatengere kuti?"

"Nyumba ziti, bambo? Tinanena kumsonkhano kuti kuno sitigwetsa. Dera lino tilikonza pomwe lilili, misewu, ngalande ndi madzi. Lero timalemba eni malo kuti alandire zikalata za umwini." Kenako anatembenukira kwa atelala. "Mayi, chikalata chanu chituluka mwezi wamawa. Za bambowa muona nokha ngati apitirize lendi."