Sitima ya Loweruka pa Balaka

"Kwathu ku Limbe bwenzi pano tili ku kanema, mawa ku dansi," anadandaula Bernadetta. "Nanga kuno ku Balaka kuli chiyani?"

"Kuli sitima, mayi," anayankha mwamuna wake Goliati, yemwe akuluakulu a njanji anamusamutsira kuno. "Loweruka anthu amatchena kudzaionerera."

Bernadetta sanaseke. Kwa miyezi isanu ankangobindikira m'nyumba, akuwonda.

Loweruka litafika anavala diresi lake la ku dansi.

"Lero ndikaonerera nawo, bambo."

Mtima wa Goliati unakhala pansi. Pa siteshoni anaimba wezulo, nakupiza mbendera mwamphamvu kuti mkazi wake amuone. Sitima yopita ku Limbe inanyamuka.

Bernadetta anamuonadi. Anali pa windo la bogi lachitatu la sitimayo, atafukata sutikesi yake.