Pokandika Pambali pa Mkwati

"Ndati fufuta pokandikapo, Mapopa!"

"Koma Towela, pakuoneka ngati phewa la munthu," ndinayankha.

"Iwe fufuta! Chithunzicho agogo akuchifuna mawa. Ukalephela, usabwerenso kwathu."

Anadula foni. Ine osamuonanso Towela? Kunja kutada, ndinatsala ndekha m'kashopu ka zithunzi kuseri kwa msika, chithunzi cha ukwati wa agogo ake chili pakompyuta. Pambali pa mkwati, wina anakandapo ndi lezala. Ndinadzazapo mtundu wa khoma, n'kuyeretsa diresi la mkwatibwi. Chinakongola.

Kenako ndinamva fungo la utsi wa nkhuni. Pagalasi la kompyuta panaoneka mayi wovala duku, ataima kumbuyo kwanga. Chitseko ndinali nditakhoma.

"Mwana wanga," anatero mofatsa, "pamenepo ndinaimapo ine. Ndibwezerepo."