Pulogalamu Imayambira pa Mwana Wathu

Amuna anga amalemba mapulogalamu a makina ogawa mankhwala m'zipatala. Kampani yawo ndi yaikulu, ili ku tawuni, koma iwo amagwirira pakhonde pathu pano. Lamulo lake n'lakuti pulogalamu yatsopano isanafike kwa anthu, imayambira pa banja la amene wailemba. N'chifukwa chake ndimawapatsa tiyi ndisanasese n'komwe, asamalembe ndi njala.

Lachiwiri m'mawa anatseka laputopu. "Ya mankhwala a malungo a ana ija yatha. Ilibe vuto."

Masana Ndaziona wathu anatentha thupi. Ndinamubereka, n'kutenga khadi lake la kuchipatala.

"Mukupita kuti, amake Ndaziona?"

"Kuchipatala. Si mwati yatha?"

"Bwerekani khadi la mwana wa achemwali anu. Makina amupatse mankhwala a pulogalamu yakale."

"Nanga ikafika kwa ana a anzathu, adzabwereka la yani?"

Anatsegulanso laputopu ija, ine nditaima pomwepo, mwana akundiotcha kumsana. Anawerenga pang'onopang'ono, anakonza penapake pa mlingo wa mankhwala, anawerenganso. Kenako anavala nsapato, n'kutenga khadi la Ndaziona m'manja mwanga.

"Tiyeni," anatero. "Mwanayo ndinyamula ndine."