Kugogoda kwa Injini Kumene Bambo Kapitawo Sanakumve

Panali munthu wina wolemekezeka pa famu ina ya ng'ombe, amene onse ankangomutchula kuti Bambo Kapitawo. Ena a m'nkhaniyi ndi akazi awo, mlamu wawo Bambo Makaniko, ndi Abwana, eni famuyo.

Bambo Kapitawo ankayendera mipanda ndi makola pa njinga yamoto ya matayala anayi, ija imakwera zitunda ndi kudutsa m'matope. Anali munthu wadongosolo, wosachedwa pa ntchito. Koma makutu awo anali atayamba kugontha, ndipo sanauze munthu. Ankaopa kuti Abwana akadziwa, ntchito itha, ndipo nyumba ya pa famu imene ankakhala ndi akazi awo alandidwa. Choncho anaphunzira kuyang'ana milomo ya anthu ndi kugwedeza mutu.

Tsiku lina m'mawa atangoliza njinga, akazi awo anatuluka tsache lili m'manja, naima patsogolo pawo.

"Bambo, njingayi ikulira mwachilendo. Mkatimo mukumveka ngati wina akukhoma nyundo m'chidebe."

"Mayi, za injini mwaphunzira liti? Ikulira bwinobwino."

Bambo Kapitawo sankamva kugogodako, ndipo kuvomera kukanakhala kudziulula. Anakwera napita. Mawa lake chimodzimodzi. Abusa a ng'ombe nawo ankakumva, koma ndani akanalangiza kapitawo wake?

Patapita nthawi njinga inayamba kufooka pa chitunda, ikutulutsa utsi. Mayi aja sanafunsenso chilolezo. Anaitana mchimwene wawo, Bambo Makaniko.

"Alamu," anatero Bambo Makaniko polowa m'shedi, "akuti hatchi yanu ikutsokomola."

"Achemwali anuwa amakonda kukuza nkhani. Onani nokha."

Bambo Makaniko analiza injini. Kugogoda kunadzaza shedi yonse. Iwo anatsinya nkhope, koma Bambo Kapitawo anangoima manja kumbuyo.

"Mwaimva? Ilibe vuto," anatero.

Bambo Makaniko anayang'ana mlongo wawo. Mlongoyo anayang'ana pansi.

Bambo Makaniko anatembenukira ku njinga. Anayamba ndi zinthu zapafupi. Anazimitsa injini, nagwedeza ekizosi, paipi yotulutsira utsi, kuti aone ngati mabawuti amasuka. Anali olimba. Anasolola kawaya koyezera oyilo, nakapukutira pa chala. Oyilo anali wochepa, wakuda, ndipo munali tizitsulo tonyezimira ngati mchenga. Analizanso injini, natenga sikuludilaiva yaitali. Nsonga anaiika pa injini, chigwiriro pa khutu. Anamvetsera kumtunda, kenaka kumunsi, ndipo kumunsiko anakhalitsa.

"Alamu, bwerani mumve nokha. Njinga ndi yanu."

Bambo Kapitawo anaika chigwiriro pa khutu monga anaonera. Anagwedeza mutu ngati munthu wodziwa.

"Eya, ndi mmene imalirira masiku onse."

Bambo Makaniko sanaseke. Anagwira dzanja la mlamu wawo mofatsa, nasuntha chigwirirocho kuchoka pa khutu, nachikanikiza pa fupa la kuseri kwa khutu. Pamenepo phokoso linadutsa m'fupa n'kulowa m'mutu. Gu, gu, gu. Bambo Kapitawo anauma thupi. Anakhala choncho nthawi yaitali, osafuna kuchotsa chitsulocho. Misozi inatsika mpaka m'ndevu.

Injini itazimitsidwa, anafunsa motsitsa mawu, "Yayamba liti kulira chonchi?"

"Mvula isanayambe, bambo," anayankha akazi awo, akuwayang'ana kumaso kuti aone milomo.

"Ndiye inu munkadziwa za makutu angawa?"

"Ndingalephere bwanji? Ndimakuitanani muli pa khonde, galu ndi amene amabwera."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinkadikira kuti muyambe ndinu. Ulemu wanu sindinafune kuuvula ine."

Bambo Kapitawo anapukuta nkhope ndi chipewa. "Ndi zingati zimene mwandiuza, ine osamva?"

"Zambiri. Zina ndinkakunenani, ndiye musadandaule."

Bambo Makaniko anafotokoza kuti oyilo ankadontha pang'onopang'ono, ndipo beyaring'i ya kumunsi, kachitsulo kothandiza injini kuzungulira bwino, inadyeka chifukwa chouma. Akanaitanidwa tsiku loyamba, ikanakhala ntchito yaing'ono. Tsopano injini yonse inafunika kumasulidwa. Ikanaima mwadzidzidzi Bambo Kapitawo ali potsetsereka, njingayo ikanawagubuduza.

Bambo Kapitawo sanadikire kuti aitanidwe. Anavala jekete, napita ku ofesi pamodzi ndi akazi awo. Anaima chipewa m'manja, naulula zonse: makutu, langizo limene anakana, ndi injini imene yawonongeka.

Abwana anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anachoka pa mpando, nadzaima pafupi, nalankhula pang'onopang'ono.

"Bambo Kapitawo, kugontha si mlandu. Mlandu wanu ndi kubisa. Ntchito sikutha, nyumba simuchoka. Koma njinga simukweranso mpaka mutakaonana ndi dokotala wa makutu. Ndipo mukadzayamba kukwera, m'mawa uliwonse muziyiliza mayiwa ali pomwepo. Akati siyikupita, siyikupita."

Kwa munthu amene anazolowera kulamula, chigamulocho chinali cholemera. Bambo Kapitawo anatembenukira kwa akazi awo.

"Mayi, mwamva zimene anena Abwana?"

"Ndamva, bambo. Nanga inu?"

"Ndamva. Ndipo ndavomera."

Phunziro: Chofooka chobisidwa chimawononga kuposa chofooka choululidwa. Makina akasintha kulira, aimitseni, muitane wodziwa asanafike poipa. Thupi likasintha, nenani. Ukalamba si manyazi. Amuna inu, akazi anu akakuuzani kuti amva kanthu, musawafunse kumene anaphunzira, pitani mukaone. Ana inu, lankhulani ndi makolo anu mukuwayang'ana kumaso. Tumizani nkhaniyi kwa bambo anu, amalume anu, ndi aliyense amene amagwedeza mutu asanamve.