Madisiki a kwa Steve

Hakimu anabisala kuseri kwa lole ya makala, maso ali pa kashopu ka Steve tsidya lina la msewu. Dzuwa la pa Lirangwe linkamuthobwa, koma mpango wobiriwira umene unalowa pakhomo paja anauzindikira. Anaugula yekha ku Limbe pokonzekera Idi. Mwini mpangowo, mkazi wake Bushra, anatsanzika kunyumba kuti akupita kuchigayo.

Zonsezi zinayamba ndi mphatso. Mng'ono wake wa Hakimu wa ku Joni anatumiza TV yaikulu yopyapyala ndi pleya ya madisiki amakono, aja oonetsa chithunzi choyera mpaka thukuta la pamphuno. Hakimu, wogulitsa mbuzi wodziwika mpaka ku Mdeka, ankakhala pampando wapakati akaweruka, limoti ili m'manja, ana ndi aneba atadzaza pamkeka. Limotiyo sankaipereka kwa munthu.

Koma madisikiwo anali ndi mwano. Filimu isanayambe pankabwera kaye menyu, tsamba losankhirapo, lodzaza timawu touluka pamwamba pa malawi a moto ndi magalimoto ogubuduzika. Hakimu akadina, anthu a mufilimu ankayamba kuyankhula Chifalansa. Akadinanso, pankatulukira mzungu wandevu kufotokoza mmene anajambulira. Ana ankabisa nkhope m'malaya, mapewa akugwedezeka.

"Opanga zinthuzi mitu yawo siyenda bwino," ankatero Hakimu.

Kenako Bushra anayamba kubwera ndi madisiki a kwa Steve, mnyamata wa kompyuta amene amajambula maukwati ndi kukopera mafilimu. Menyu ya Steve inali yosiyana: yakuda bii, yosagwedera, mawu ake achikasu. Kudina kamodzi, filimu yayamba. Hakimu anakondwa nazo mpaka tsiku limene anamva mkazi wake akucheza ndi Maness, neba wawo, kuseri kwa mpanda.

"Steve yekha ndi amene amamvetsa zimene ndimafuna," anatero Bushra.

Mawuwo anamulasa Hakimu, ndipo sanatulukenso mumtima mwake. Steve anali wosakwatira. Ankanunkhira mafuta odula. Anali wamng'ono kwa Hakimu ndi zaka zambiri, koma kwa Bushra ndi zaka zochepa chabe. Tsopano disiki iliyonse yolowa m'nyumba, ngakhale yatsopano ya m'pepala yochokera ku Chileka, Bushra ankaitenga. "Ikadzere kaye kwa Steve," ankatero. Hakimu atanena kuti azituma Sabrina, mwana wawo wamkulu, mayiyo anakana msangamsanga.

"Mwana sangakafotokoze bwino, bambo a Sabrina. Ndizipita ndekha."

Ndizipita ndekha! Hakimu anayamba kumva fungo la Steve paliponse. Chakudya ankangochilawa. Kumsika anakalipira kasitomala wake wakale popanda chifukwa. Atapita kumzikiti Lachisanu, zimene ananena shehe sanazimve, m'mutu muli menyu yakuda ija ndi manja amene anaikonza. Mwamuna wanji amataya nthawi kukongoletsa madisiki a mkazi wa mwini, osafuna kanthu?

Lero anati aone yekha.

Anadumpha msewu. Wakabaza wina anamuphonya pang'ono, n'kumukuwira kuti aziyang'ana kumene akupita, koma Hakimu sanacheuke. Anazungulira kumbali kwa kashopuko n'kutsamira khoma, pafupi ndi zenera lotchingidwa ndi katoni. M'dzanja anali atakulunga chingwe chomangira mbuzi.

M'katimo munamveka kuseka kwa Steve.

"Mwabweranso, mayi? Anthu ayamba kutinena."

"Tsitsani mawu," anayankha Bushra. "Akunyumba asadziwe. Akadziwa sadzandiyang'ananso kumaso."

"Sangamve kwa ine. Koma nanga za ulendo watha zija sizinakukhutitseni?"

"Poyamba zinali bwino. Pano sizikukwaniranso."

Mpando unakhwekhwerezeka pansi.

"Senderani pafupi muone," anatero Steve.

Hakimu anamva makutu kutentha. Anakumbukira tsiku la nikah, ukwati wawo, amalume ake akumuchenjeza kuti mkazi wokongola ndi munda wa m'mbali mwa njira. Anakumbukira mmene Bushra ankamuyang'anira masiku ano poonera filimu: osati pa TV, koma pa iye, mwakachetechete, ngati munthu womvera chisoni mbuzi imene yagulidwa kale. Mawu a talaka, othetsa banja, anali atafika pakamwa. Anaganiza zowanena pomwepo, pamaso pa mnyamatayo, pamaso pa Lirangwe yense.

Anafika pakhomo n'kupatula katani pang'ono. M'katimo munali mdima, ndipo anangoona mitu iwiri itaweramira kompyuta, pafupifupi kugundana. Awiriwo sanamuone. Anakweza phazi kuti alowe.

"Apa, apa," Bushra ankaloza ndi chala. "Zilembozi mukulitsenso. Poyambitsira filimu pakhale pamwamba penipeni, pena ponsepo muchotse."

"Mayi, kukula kumeneku n'komaliza. Liwu limodzi ladzaza theka la sikirini."

"Lidzaze yonse. Dzulo akunyumba anadinanso polakwika, ana n'kuyamba kuseka. Maso a bambo a Sabrina achita ng'ala, Steve, koma akuyesa kuti sindikudziwa. Mpaka ndiwanyengerere zopita kuchipatala, sindifuna limoti ichoke m'manja mwawo."

Hakimu anatsinzina, n'kuyang'anitsitsa pa kompyutapo. Panali chinthu chachikasu, chachikulu, chowala. Sanathe kuwerenga ngakhale chilembo chimodzi.